Makavala a Mipando Ochokera ku Joni

Tinanyamuka ku Zolozolo sikisi koloko, chifunga chake choti ukatambasula dzanja umachita kulifunsa ngati likadalipo. Ine ndi asibweni, pa galimoto ya adada, kukawachingamira ku depoti. Adadawo anapita ku Joni ndili Fomu Wanu. Pano Fomu Folo ndalemba, ndangotsala kumera imvi.

Galimotoyi ili ndi lamulo la adada. Polowa uyambe wakhala, miyendo ili kunja, ugogode nsapato, kenako ulowetse. Osakhuluza m'mphepete mwa mpando, osakoka chitseko ngati mbuzi yokana kumsika. Zaka zonsezi wapolisi wake ndine, kuti akabwera aipeze momwe anaisiyira.

Pa Katawa asibweni anaimira mayi ena a dengu la nthochi, ati tipezeko ya mafuta.

"Wanu sauzande mpaka m'tauni, amama."

Mayiwo anatsogoza phazi, matope ake okwana kuumba njerwa za tchalitchi.

"Amama, yambani kukhala," ndinatero. "Mapazi pambuyo."

"Iwe mwana, iyi ndi galimoto kapena chipatala?"

"Ndi ya adada. Akubwera lero."

Anandiyang'ana, n'kubweza phazi lija, kuligogoda bwinobwino. Potsika anandipatsa nthochi ziwiri.

"Inayo ya adada ako."

"Yewo chomene, amama."

Ku depoti tinafika seveni. Basi inatulukira cha m'ma teni, ine nditadya chipisi cha pachiwaya mpaka wogulitsa kuyamba kundiitana mlamu. Munatsika dziko lonse: mabulangete, masipika, njinga, azibambo a eni ake. Ndinayang'ana nkhope iliyonse mpaka basi inatsala mipando yokha.

Kenako kondakitala anakuwa dzina la asibweni, n'kuwapatsa phukusi. Asibweni anaimbira adada foni, ine ndikumvera pambali. Abwana awo awakaniza tchuthi, mwina abwera Disembala. Ati sanatiuze msanga poopa kuti amama anga kunyumba alira.

M'phukusimo munali makavala a mipando, akuda, onunkha shopu. Tinawavalika pomwepo, asibweni akukoka uku, ine uko. Anakwana ndendende. Adada mipando yawo akuikumbukira kukula kwake. Ine akandiona, kaya.

Pobwerera ndinayamba kukhala, ndinagogoda nsapato, ndinalowetsa miyendo. Ndaphunzira kuti mpando ukausamala umadikira munthu zaka ndi zaka. Nthochi siidikira Disembala. Ya adada ija ndinaidya tikudutsa pa Katawa, ndipo sinakome.