Ndinakhoza Mayeso a Kolera

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali giredi faifi ku Kanyama, mvula itachita kukwiya. Madzi anadzaza njira zonse za m'komboni, moti popita kusukulu tinkanyamula nsapato m'manja n'kumadumpha pamiyala imene anthu anaponya m'matope. Zimbudzi zinali zitasefukira. Fungo lake tinalizolowera mpaka tinaleka kutseka mphuno.

Aphunzitsi athu, ba Zulu, anabwera ndi phunziro latsopano lochokera kwa akuluakulu a zamaphunziro. Ankati ana akaphunzira ukhondo adzasintha makolo awo, ndipo makolowo adzasintha komboni yonse. Anajambula pabolodi chimbudzi, chitsime ndi ntchentche yaikulu ngati nkhuku. Tinaloweza pamtima: wiritsani madzi akumwa, sambani m'manja ndi sopo, kumbani chitsime kutali ndi chimbudzi. Ine ndinali wapakamwa, ndiye ndinathamangira kunyumba ngati nesi wotumidwa ndi boma.

Ndinapeza amayi akutunga madzi pachitsime chosaya cha kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi. Chimbudzi cha mabanja onse a pabwalopo chinali pafupi kwambiri, moti munthu ali m'katimo ankamva ndowa ikugunda mwala.

"Amama, aya manzi yafunika kuwilitsa," ndinatero monyada. "Ba Zulu bakamba ati muli kolela."

Amayi anandiyang'ana, kenako anayang'ana kapepala ka makala kamene kanali pambali pa mbaula.

"Uganiza siniziba, iwe? Malasha ni aya chabe. Tiwilitse manzi olo tiphike?"

Mng'ono wanga Tiza, amene anali asanayambe sukulu, ankalira njala atagwira chitenje chawo. Amayi sanadikire yankho langa. Anaphika.

Sabata yotsatira tinalemba mayeso a phunzirolo, ndipo ndinakhoza mafunso onse. Ba Zulu anauza kalasi yonse kuti indiombere m'manja. Nditafika kunyumba ndinapeza Tiza ali kwala pamphasa, maso atalowa m'kati, akutsegula m'mimba zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Dzina la matendawo ndinalidziwa nthawi yomweyo, poti ndinali nditangolilemba m'mawa umenewo. Atate anaitanidwa kuchokera kumafakitale kumene ankasenza matumba, ndipo anamubereka kumsana kupita naye kuchipatala, kudutsa m'madzi chifukwa maminibasi anali atasiya kulowa m'komboni. Anabwerako okha. Mtembo wa Tiza achipatala sanatilole ngakhale kuusambitsa, anakauika anthu achilendo ovala magolovesi. Mpaka lero ndikamva ana akuombera mnzawo m'manja, mtima umandipweteka.

Tsopano ndine mphunzitsi ku Chawama. Silabasi yasinthidwa kangapo ndikuona, mabuku ali ndi zithunzi zokongola, ana adzaza mpaka ena amakhala pansi. Kumisonkhano amatiuzabe kuti mwana wophunzira ndiye adzasinthe dziko, ife n'kumagwedeza mitu. Koma ngalande kulibe, mipopi imauma, ndipo zitsime zija zikadali pomwepo. Ndinamvetsa mochedwa kuti amayi sankasowa nzeru. Sukulu inangondiphunzitsa kutchula bwino chimene chinapha mng'ono wanga.

Mvula ya chaka chino itayamba, ndinajambulanso ntchentche ija pabolodi n'kuuza ana kuti aziwiritsa madzi akumwa. Kamtsikana kena kokhala pansi pafupi ndi chitseko kanakweza dzanja.

"Ba Madamu, manje ngati malasha yasila?"

Linali funso la amayi lomwe lija, la makala akatha. Ndinamuuza kuti funso limenelo silibwera pamayeso.