Amwalimu a m'Foni Yong'aluka

Mpaka lero chiperoni chikagwa, ndimamva fungo la jumbo ya shuga yonyowa. Ndi momwe amayi ankakulungamo foni ya malemu bambo, kuti mawawa asalowe pong'aluka paja. Tinkakwera nayo pachulu cha kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Limbuli, chifukwa pakhomo foniyo inkangogwira netiweki ya ku Mozambiki n'kumatilonjera m'Chipwitikizi. Pachulupo nkhungu inkameza phiri lonse, minda ya tiyi ikununkha chinyezi, ine ndikunjenjemera m'malaya a bambo ofika m'mawondo.

Bambo anali Msilamu, Myao wa ku Mangochi wogulitsa usipa, ndipo anamwalira mvula ikungoyamba. Amayi ndi Mlomwe, woimba kwaya kutchalitchi, wogulitsa tomato pamsika. Sadaka ya maliro itatha, a Jafali, akulu awo a bambo, ananena chomwe anatsalira: anditenge ine, mwana wamwamuna yekhayo, ndikakulire kumadrasa kwawo. "Kuno mwanayu adzakula akudya mbewa, alamu," anatero. Amayi anakana, iwo anaumirira, ndipo malondawo anathera apa: akadzabwera Ramadani itatha n'kupeza ndikuwerenga Korani bwinobwino, ndikhala, ndikalephera, ndinyamuka. Ine ndinali pakati ngati nkhuku yomangidwa miyendo, ndikumvetsera mtengo wanga.

Kenako kunabwera mliri uja. Sukulu zinatseka, madrasa yapafupi nayonso inatseka, ndipo amene ankaphunzitsa pamenepo anabwerera kwawo. Mayi wina wachisilamu wogulitsa zitenje ndiye anauza amayi kuti masiku ano aphunzitsi a chipembedzo akupezeka pa intaneti, umaonana nawo nkhope pafoni, ndipo phunziro loyamba ndi laulere. Mawu akuti laulere amayi anawamva bwino kwambiri.

Chiarabu sankachidziwa ngakhale liwu limodzi, koma kugula ankakudziwa. Tomato wokongola amamuika pamwamba pa mulu, wogula wanzeru amafukula pansi. Choncho anandilamula kuti aliyense amene titamuyese, ndizilakwitsa dala, iwo aone nkhope yake. Sindinavutike ayi. Kulakwitsako kunkangobwera kokha.

Woyamba anali wa kunja, wa ndevu zopesa, kumbuyo kwake mabuku okhaokha. Ankalankhula Chingerezi chosalala, ndipo chilichonse chomwe ndabwebweta ankachiombera m'manja. Amayi anadula foni. "Munthu woyamikira chilichonse ndi wogulitsa, si mphunzitsi," anatero. Wina wa ku Limbe anandikalipira mpaka kuonetsa chikwapu pafoni. Chikwapu chili ku Limbe, ine ndili pachulu ku Limbuli, koma ndinazinda ndithu, mpaka kutsetsereka m'matope. Amayi sanaseke. Anangondidzutsa n'kundipukuta ndi chitenje, milomo ili yomanga.

Tinayesa ena angapo, bandulo ikutha ngati mchere wonyowa. Tsiku lina tinapeza bambo wina wachikulire wa ku Machinga, amene sankadziwa kugwira foni: tinkangoona chipumi, kofiya ndi malata a denga, kwinaku mbuzi ikulira. Ndinayamba kulakatula sura yoyamba ya Korani. Anandiimitsa pachilembo chimodzi chapammero, ndibwereze, ndibwerezenso, mpaka ndinamva ngati ndameza minga ya usipa. Sanakweze mawu, komanso sanandisiye. Pomaliza anafunsa, "Anakuyambitsa ndani, mwana wanga?" Ndinati bambo, koma anatisiya. Anandifunsa dzina lawo, kenako anawapempherera pang'onopang'ono, akulitchula.

Amayi anatenga foni, anakonza mpango kumutu ngati akulowa m'nyumba ya eni. "Amwalimu, ine ndine wakutchalitchi, musadzati sindinanene." Iwo anayankha, "Ndamva, mayi. Inu muzingomugwirira foniyo." Amayi atayamba kunenerera mtengo, amwalimu anavomera pomwepo, ndipo amayi anakhumudwa tsiku lonse. Munthu wosakana, umamunenerera bwanji?

Nyengo imeneyo inali yowawa. Malire anali ovuta kudutsa, pamsika ogula anachepa, tomato ankaolera m'dengu ntchentche zikuchita phwando. Kunyumba tinkadya kalongonda, nyemba zija zofunika kuphika tsiku lonse n'kumataya madzi, apo ayi zimaledzeretsa. Ramadani itafika ndinayamba kusala, koma kunena zoona kusiyana kwake ndi masiku ena kunali dzina lokha. Alongo anga awiri aang'ono ankasala nawo osadziwa. Masana alionse amayi ankasiya malonda, n'kudzaima pachulu dzanja lili m'mwamba mpaka kuchita dzanzi, madzi akudontha m'chigongono. Anzawo a kwaya ankadutsa m'munsi akuloza ndi milomo. Anasiya kuwaitana kokaimba, ndipo iwo sanafunse chifukwa.

A Jafali anafika Idi itapita, pa kabaza, kumbuyo kuli njinga ina yonyamula thumba la chimanga. Thumbolo analiimika pakhomo losamasula. Anakhala pamphasa, ine ndinapinda miyendo n'kuyamba. Zilembo zapammero zija zinatuluka zonse zamoyo. Nditamaliza, a Jafali anali akupukuta maso ndi kofiya. "Ndamumva mng'ono wanga," anatero. Chamumtima ndinati tawina. Kenako anatembenukira kwa amayi. "Alamu, mawu ngati awa asaolere m'tiyi muno. Tipita naye."

Ndinayang'ana amayi, ndikudikira mkuntho. Ndinali nditawaonapo akuthamangitsa bambo wamkulu msika wonse chifukwa chosintha mawu atagwirizana kale. Koma anayang'ana kukhitchini, komwe alongo anga anakhala akudikira mphika umene unali usanatayidwe madzi omaliza. Anayang'ana thumba lija. Kenako anati, "Ndimuchapire kaye zovala."

Ndinakwera basi zovalazo zisanaume bwino. Kumadrasa anyamata atsopano ankalawa chikwapu chifukwa cha zilembo zomwezo, koma ine ndinkangodutsa, ndipo sindinathokoze munthu. Zaka zambiri ndinkawasungira amayi mkwiyo. Ndinkati katswiri wonenerera uja anapusitsidwa masana dzuwa likuswa mtengo, anandigulitsa ndi thumba limodzi, osapempha ngakhale basera.

Lero ndimagulitsa kaunjika pa Limbuli pomwepo, ndipo anthu amati pakamwa panga mpoterera. Koma ndaphunzira kuti mphamvu ya wonenerera siili pakamwa, ili m'miyendo: uzitha kutembenuka n'kumapita. Amayi analibe kopita, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadziwa kuyambira tsiku la sadaka lija kuti ndidzanyamuka ndithu. Chomwe anali nacho m'manja chinali chochepa: kusankha munthu woyamba kundiongola lilime, kuti ndikakafika kwa eni ake, pasakhale wondiseka kuti ndine mwana wa mayi wakutchalitchi.