Timabokosi Tobiriwira pa Nkhope ya Mkwatibwi

Bambo anga amadziwika ndi dzina loti a Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu amene akhala akukuwa kuseri kwa kamera kuyambira ine ndisanabadwe. Eni akewo kumwetulira n'kwa apo ndi apo. Situdiyo yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi ometa, kogawidwa ndi katani. Kutsogolo kuli mpando ndi chinsalu chojambulidwa mathithi, kuseri kuli tebulo ndi laputopu. Kuseriko sikulowa munthu. Ngakhale amayi amaima pakatani n'kuodira ngati afika pakhomo pa eni.

Chuma cha bambo ndi maso. Amaona ulusi wolendewera pakolala munthu akadali tsidya la msewu, ndipo sachita manyazi kumuuza. Koma mantha awo alinso pomwepo. Agogo aamuna anachita khungu atakula, ndipo akuti zinayamba ndi timadontho toyendayenda. Nkhani imeneyi kwathu siikambidwa.

Laputopu nayo ndi nkhalamba. Batire inafa kalekale, batani lina linazuka, ndipo ikayaka imapuma ngati munthu wokwera chitunda. Bambo amaipukuta ndi mpango wawo wam'thumba, mwayi umene ife ana sitinaulawepo.

Chaka chatha anayamba zachilendo. Munthu wodana ndi zamasamba anayamba kukukuta karoti ngati mbuzi. Amayi anawapezerera atatseka diso limodzi ndi dzanja, akuyang'anitsitsa kalendala. Kenako tsiku lina tikudya, anangolengeza kuti atopa, situdiyo aitseka mwezi ukatha, ndipo laputopu andipatsa ine. Amayi anafunsa kuti nanga pakhomo azidzatani tsiku lonse, poti ngakhale babu sadziwa kusintha. 

Ine ndinakondwa, osanama. Nditafika nayo kwanga ndinatsegula zithunzi za ukwati wina kuti ndione madiresi. Poyamba zonse zinali bwino. Makina atangotentha, pankhope ya mkwatibwi panabuka timabokosi tobiriwira, mizere inadutsa pakhosi pa mkwati, sikirini n'kuyamba kuphethira. Ndinapsa mtima. Ndiye kuti bambo andipatsa mtembo kuti ndikaike ndine? M'mawa mwake sindinawafotokozere zambiri, ndinangoti mphatso yawo ikudwala, ndikupita nayo kwa okonza. Ananditsatira, ati zithunzi za makasitomala sizisiyidwa m'manja mwa anthu osawadziwa.

Wokonzayo ndi mayi wosalankhulalankhula, wa kashopu kodzaza zingwe ndi mitembo ina ya makompyuta. Anayatsa laputopu, n'kumaweramitsa ndi kudzutsa chivindikiro pang'onopang'ono. Anati vuto likanakhala chingwe cha sikirini, chithunzi chikanasintha pochita zimenezi. Sichinasinthe. Anapemerera fumbi la m'fani, lomwe linatuluka lokwana kudzalamo maluwa, kenako analumikiza laputopuyo ku sikirini ina yaikulu. Anati sikirini yathu ikakhala ndiyo yodwala, yaikuluyo ionetsa bwino. Tinadikira kuti makina atenthe.

Mkwatibwi anatulukira pa sikirini yaikulu, timabokosi take tili mbwee, tsopano tonenepa. Bambo anayang'ana pansi.

Mayi uja anapukusa mutu. Anafotokoza mwaulemu, ngati wopepesa maliro, kuti kachipangizo kamene kamapanga zithunzi m'katimo kapsa ndi ukalamba, ndipo n'komatiriridwa kubolodi ya m'kati mwa makina, moti kukonza kwake n'kugula laputopu ina. Anatiuza kuti tikopere zithunzi msanga isanazimiretu. Mayiyo ataloza ndi chala pa tsaya la mkwatibwi, bambo anadzutsa mutu.

"Mayi, mukuloza chiyani pamenepo?"

"Timabokosi tobiriwirati, bambo."

"Mukutiona inunso?"

"Nanga n'kulephera? Ngakhale wodutsa pamsewu atiwona."

Anatembenukira kwa ine. "Iwe, nawenso?"

Ndinavomera. Apo m'pamene ndinamvetsa za karoti zija. Miyezi yonseyi bambo ankaona timabokosi ali okha kuseri kwa katani, n'kumati matenda a agogo afika. Timabokosito ankationa pa sikirini pokha, iwo n'kumati kuwala ndiko kukuulula matendawo. Tinkabuka masana makina akatentha, iwo n'kumati maso atopa. Katani imene inkatiletsa ife kulowa ndi yomwe inawatsekera ndi mantha awo. Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo.

Bambo anakhala pa katoni ya zingwe n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Anagwira dzanja la mayi uja ndi manja awiri, kuthokoza mobwerezabwereza. Mayiyo anandinong'oneza kuti chiyambire ntchitoyi sanaonepo munthu wosangalala chonchi atauzidwa kuti laputopu yake yafa, ndipo anafunsa ngati bambo amva bwinobwino.

Za kutseka situdiyo zinathera m'shopu momwemo. Mphatso yanganso inathera momwemo, ndipo mpaka lero palibe amene wandipepesa.

Pobwerera bambo anayenda mtembo uli kukhwapa. Kenako anati, osandiyang'ana, "Agogo ako anakuona ndi manja, tsiku limene unabadwa. Ine ndimati ana ako ndidzawaonanso choncho."

 Iwo anakweza chibwano n'kuyamba kundiwerengera mokweza zikwangwani zonse za mumsewu, kusankha dala zakutali, mpaka tinakafika kunyumba.