Chifunga cha m'Sikopu ya Atate

Atate anga, a Laban Sakala, analondera nyama ku Luangwa zaka khumi ndi zinayi. Njovu ikavuta m'minda, ankaitana iwo. Nkhani imeneyi aliyense wa kutchalitchi kwathu kuno ku Hamilton, kutsidya kwa nyanja, anaimva, ena kasanu. Ndinawaitanitsa ndine mu 1991, Amayi atamwalira. Anapeza ntchito yapageti pafakitale ya zitsulo, yongokhala tsiku lonse, ndipo mtima wawo wonse unali pa sabata imodzi ya Okutobala, yopita kumpoto kukasaka muusi, chinyama cha kuno chachikulu kuposa ng'ombe.

Muusi amamuwombera patali, tsidya la dambo, choncho pamwamba pa mfuti amamangirirapo kagalasi kokokera zinthu pafupi, kotchedwa sikopu. Mu 1996 Atate anabweza masikopu awiri kusitolo. Yoyamba akuti inali ndi chifunga m'kati. Yachiwiri chimodzimodzi.

"Vinthu va masiku ano ni va fake," ankatero.

Asanabweze yachiwiriyo anandipatsa kuti ndidzionere ndekha. Ndinaloza pawindo, n'kuwerenga nambala ya basi imene inali kumapeto kwa msewu. Munali mbee! Ine ndine namwino, ng'ala ndimaidziwa, ndipo ndinali nditaiona kale ikuyera m'diso lawo lakumanja. Koma pakamwa panga panatuluka zoti, "Ee, chifunga chilimodi, Atate." Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa.

Wabodza sindinali ndekha. A Darius, mnzawo wosaka naye, anasuzumiramo n'kupukusa mutu ngati aona zoopsa. Mwamuna wanga Webster ndiye anachita kunyanya, mpaka kuwaperekeza kusitolo kukakalipira mnyamata wogulitsa. Munthu wamkulu ungamuuze bwanji kuti diso lake latha, pamene ulemu wake wonse uli pa diso lomwelo?

Chimene chinkandiopsa kwambiri ndi kasakidwe kawo. Atate ankakhala pachitunda ndi mfuti, wina n'kuzungulira tsidya linalo kukalowa m'tchire, kuvumbulutsa nyama kuti itulukire poyera. Wolowa m'tchireyo chaka chilichonse anali Webster. Mkamwini!

Ndinamuuza kuti anamizire kudwala. Anakana.

"Apongozi andituma, ine ndikane? Uwauze iweyo, ndi bambo ako."

Ndinamunena kuti ndi wamantha, ndikudziwa bwino lomwe kuti mantha ake ndi anga ndi amodzi. Sabata yonse ulendo usanafike ndinkati ndiwauza Atate mawa. Ndikalowa kuchipinda kwawo n'kuwapeza akupukuta mfuti, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi, ndinkangowafunsa ngati akufuna tiyi.

Tsiku la ulendo kunacha kozizira, udzu utayera ndi chisanu. Atate anaima pakhonde ndi sikopu yachitatu, yongotulutsa m'bokosi, isanamangidwe pamfuti. Anaiika kudiso, akuitembenuza pang'onopang'ono. Galimoto yathu inali tsidya la msewu, poti ukhoza kuponyapo mwala.

"Iyi ndiye yeniyeni," anatero akumwetulira. "Regina, galu wa ndani uyo ali pa tayala?"

Ndinayang'ana.

"Ndi Webster, Atate. Wagwada, akupopa tayala. Wavala jekete la olenji."

Atate anatsitsa sikopu ija, n'kuipukuta ndi malaya, mbali zonse ziwiri. Anayang'ananso nthawi yaitali. Apa ndinadziwa kuti nawonso akudziwa, mwina kuyambira kalekale.

"Atate, tiyeni kuchipatala. Ng'ala amachotsa, ndi opaleshoni yaing'ono. Chonde musapite."

Sanandiyang'ane. Anabwezera sikopu m'bokosi, natseka bwinobwino, n'kunyamula chikwama cha mfuti.

"Nayo iyi ili na chifunga," anatero motsitsa mawu. "Koma ni late manje. Muuze mwamuna wako alize galimoto."