Waya Wachitatu wa a Sipoko

Pa ngodya ya msewu wopita kumsika pali shedi ya malata asanu ndi limodzi. M'menemo a Sipoko akhala akukonza njinga kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzinali anawapatsa ndi onyamula katundu pa njinga, poona momwe amawongolera mkombero. Ena amawongola ndi maso. Iwo amakodola masipoko onse ndi chikhadabo, imodziimodzi, khutu lili pafupi, ndipo yomwe yalira mogontha ndiyo amaimanga. Loweruka masana amasamba girisi m'manja, n'kunyamula gitala kukaimba ku maukwati ndi anzawo atatu.

Makasitomala akamadikira njinga sachedwa kufunsa kuti munthu woimba gitala amamvera nyimbo zanji akakhala payekha. Amayembekezera mayina akuluakulu. Kale a Sipoko ankangoloza ndi sipanala wailesi yopachikidwa pa msomali. Munali kaseti imodzi yokha, yojambulidwa m'chipinda cha malemu achimwene awo: magitala awiri, nyimbo zisanu, ndi mphepo yambiri.

“Koma a Sipoko, oimbawa ali m'chitsime?” ankawaseka motero wina wogulitsa mabuku akale.

“Inu mumamvera woimba wa patsogolo. Ife timamvera wa kumbuyo, ndi chala chikamatsetsereka pa waya,” ankayankha osadzutsa mutu.

Zomwe sankanena n'zakuti chuma chawo pa kasetiyo sichinali nyimbo ayi. Chinali masekondi makumi anayi oyambirira, nyimbo isanayambe. Pankamveka mpando ukukhwekhwerezedwa, magitala akuchunidwa, kenako mawu a achimwene awo: “Wachitatuyo watsika, iwe. Kweza. Kwezanso. Eya, pamenepo. Usamaope waya.” Apo n'kuti a Sipoko ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Patatha zaka ziwiri achimwenewo anamwalira, ndipo mawu awo sanatsalenso pena paliponse. M'mawa uliwonse, asanakhudze njinga, a Sipoko ankabweza tepi ndi bolopeni n'kuwamvera.

Tepi nayo imakalamba. Chaka chino mawu anayamba kunjenjemera, ndipo mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito mu shopu ya mankhwala, anawaumiriza kuti nyimbozo zisamutsidwire mu foni. Anakana milungu itatu. Lachiwiri lina anaikulunga kasetiyo mu mpango n'kumupatsa.

“Ibwere lero lomwe, mama.”

Inabweradi masana omwewo, pamodzi ndi foni. A Sipoko anapukuta chala pa ovolosi n'kudina. Nyimbo yoyamba inalira nthawi yomweyo, yoyera bwino ngati yochapa. Anadinanso. Chimodzimodzi. Anaika kaseti mu wailesi, n'kupeza nayo ikuyambira pa nyimbo.

Sanatseke n'shedi yomwe. Anapita eni ake kwa mayi wa mafoni yemwe anagwira ntchitoyo, mwana wawo akuthamangira pambuyo.

“Phokoso lija? Ndakuchotserani, bambo, ulere,” anatero mayiyo mokondwa. “Makina anga anatafuna poyambirira pa tepi pamene ndimabweza, ndiye ndadula popindikapo n'kulumikiza. Koma musadandaule, palibe nyimbo ndi imodzi yomwe yakhudzidwa. Werengani, zonse zisanu.”

Kachidutswa kodulidwako kanali katapita ndi zinyalala. A Sipoko anayang'ana nkhope ya mayiyo, naona kuti anachita izi pofuna kuwakomera mtima. Anathokoza, n'kubwerera.

Masiku awiri wailesi inakhala chete pa msomali. Lachinayi wonyamula makala anabweza njinga, mkombero ukuvina, chinthu chomwe sichinachitikepo pa shedi imeneyo. A Sipoko anaukodolanso, koma masipoko onse ankalira mofanana m'khutu mwawo. Chomwe chinkawaopsa n'chakuti poyesa kukumbukira mawu aja, ankapeza mawu okha, liwu la mwini wake osabwera.

Lachisanu nthawi ya nkhomaliro mwana wawo uja anatulukira atavala yunifolomu yake yoyera. Kuyambira Lachiwiri anali asanayang'anane nawo m'maso. Sanapereke moni. Anaika foni ya bambo ake ija pa benchi, natenga gitala kuseri kwa chitseko. Iye kuimba sadziwa ngakhale pang'ono, koma anawerenga mawaya ndi chala mpaka wachitatu, n'kupotokola kachitsulo kake kuti akhwepe. Anawapatsa bambo ake gitalayo, nakoka kireti yokhalira, khwee, pa simenti.

A Sipoko anakodola wayayo. Waya analira ngati mphaka wodwala.

“Wachitatuyo watsika, iwe,” anatero mwanayo, atanenepetsa mawu ngati mwamuna. “Kweza.”

Dzanja la a Sipoko linapita lokha pa kachitsulo.

“Kwezanso.”

Mwanayo anali atawamva mawu amenewa m'mawa uliwonse kuyambira akukwawa pakati pa matayala. Ankadziwa popumira, ndi momwe “eya” ankakokedwera. A Sipoko anaima, maso ali pa waya. Kenako anapukusa mutu.

“Walakwitsa, mama. Achimwene asananene kuti eya, ankayamba akhosomola.”

“Ababa inu, ndikhosomolenso? Ndine wa mankhwala ine!”

“Khosomola.”

Anakhosomola chifuwa chabodza, choipa kwabasi, moti wogulitsa mabuku uja anasuzumira kufunsa ngati kuli bwino. A Sipoko anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi nsanza ya girisi, n'kudzipaka mzere wakuda patsaya.

“Eya, pamenepo,” anamaliza mwanayo, tsopano ndi mawu akeake. “Usamaope waya.”

Waya anafika pamalo pake. Foni ija pa benchi inali ikujambula nthawi yonseyi.

Panopa mu foni ya a Sipoko muli zinthu zisanu ndi chimodzi. Choyamba n'cha masekondi makumi asanu ndi awiri, chifukwa kuseka kunadya nthawi. Amachimvera m'mawa asanakhudze njinga, ndipo mikombero yawo yayambanso kuyenda chilili. Kasitomala akafunsa kuti woimba gitala amamvera chiyani, amaloza thumba la ovolosi ndi sipanala.

“Mwana wanga akundikalipira,” amatero.