Mbewa Yanga ndi Magalasi a Atate

Ndikamapukuta magalasi angawa, fungo la mbewa yootcha limandibwerera.

Atate anali mphunzitsi ku Chiparamba. Tsiku lina anatiuza za bishopu wanzeru wakalekale wa ku Mangalande, amene ankafufuza za kuwala, nalemba kuti galasi limakulitsa tinthu tating'ono. Atatewo anationetsa nyerere pa magalasi awo, inakuladi ngati chiwala!

Lamlungu m'mawa ndinawaba magalasiwo, n'kuwavundikira mumphika pamodzi ndi kambewa kanga kootcha kuti kakule ngati mbuzi.

M'tchalitchi atate, amene ankalalikira tsikulo, anatsegula Baibulo, nayamba kupapasa m'matumba, mpingo wonse ukudikira. Ndinawamvera chisoni, ndinaimirira.

"Atate, yambani mwaimbitsa nyimbo, mbewa sinakule!"

Bishopu uja ankafunafuna nzeru za Mulungu m'kuwala. Ine ndinkangofuna ndiwo.