Tsiku limene tinawathira ufa bambo

Ndinali mu Sitandade 5 pamene bambo anakhoma malata panyumba yathu ku Dwangwa. Anawatenga kusitolo ya Che Saidi n'kulemba cheke, podalira ndalama za nzimbe. Ndalamazo zinachedwa, cheke chinabwerera, ndipo Che Saidi anakatula nkhani kupolisi. Za ndende sindinkazidziwa ine. Ndinkangoopa kubwerera kudenga la udzu lodonthera pamphasa.

Tsiku la chigamulo amayi ananditenga kukhoti kuboma, atamanga ufa kunsonga ya chitenje. Woweruza anati bambo analibe mtima wakuba, choncho alibe mlandu. Anawonjezera mawu ena, koma nthungululu za amayi zinawameza. Panja tinawathira ufa bambo mpaka nsidze mbee, monga timachitira munthu akapambana mlandu. Ine ndiye kuvina kwake, ndikuuza aliyense kuti malata ndi athu basi.

Kenaka Che Saidi anatulukira, atavala mkanjo wawo woyera. Anapempha ufa kwa amayi, nawonso n'kuwathira bambo kumutu.

"Alhamdulillah, si inu wakuba, achimwene," anatero. "Ndinapsa mtima, ndinalakwitsa khomo. Koma ngongole sinathere muno. Ndilowera khomo linalo."

"Ndikudziwa," anayankha bambo. "Oweruza anena, kungoti womva ndinali ndekha."

Abale inu, ndinachita kakasi. Munthu yemweyo kumuyeretsa mnzake pagulu, n'kumuuza pamaso kuti akukamusumira, popanda chidani m'mawu mwake!

Che Saidi anakasumadi, ndipo khoti linalamula kuti bambo alipire. Apo n'kuti ndalama za nzimbe zija zitathera m'maulendo a mlandu woyamba. Bambo sanadikire olanda katundu. Anakwera okha padenga, n'kuzula malata a chipinda chathu anafe, akuwongola msomali uliwonse, n'kukagulitsa. Ndinalira kwambiri, ndikuwafunsa kuti nanga tinawina chiyani. Ankangomanga udzu.

Ndakula tsopano, ndipo ndikumvetsa kuti mafunso anali awiri. Khoti loyamba linafunsa ngati bambo anali mbava, lachiwiri linafunsa ngati Che Saidi analandira zawo. Dzinja limenelo mvula inandidonthera ndithu, koma palibe mwana wa pa Dwangwa amene ananditchulapo mwana wa wakuba.